Mkamwini Akalemba Mbiri ya Apongozi

Kuno ku Goliati tinazolowera kuziona: golosale ikagwa, mwini wake sanenedwa, amene amatchedwa wakuba ndi mnyamata wogulitsa. Zinthu zikalakwika pa esiteti ya tiyi, mlandu umagwera kalaliki kapena kapitawo. Tsono mkangano umene unabuka kalekale ku Scotland, dziko limene kunachokera dzina la Blantyre, suli wachilendo kwa ife.

Sir Walter Scott anali mlembi wotchuka koposa m'masiku ake. Chimene anthu sanadziwe n'chakuti kuyambira 1805 iye anali ndi gawo mwachinsinsi m'kampani yosindikiza mabuku ya James Ballantyne, mnzake wa kusukulu. Kampaniyi pamodzi ndi ya Archibald Constable, wofalitsa mabuku a Scott, zinkasainirana zikalata za ngongole, iyi kuimira inzake, monga anthu awiri oledzera ogwirana mapewa. Mu Januwale 1826 anzawo a ku London, Hurst ndi Robinson, atalephera kulipira, onse anagwera limodzi. Ngongole imene inatsalira Scott inaposa mapaundi 100,000.

Iye sanathawe. Analemba usiku ndi usana mpaka imfa inamtenga mu 1832, ndipo ndalama za mabuku ake zinatsiriza ngongoleyo mu 1847. Ulemu umenewo sitimlanda.

Amene tikutsutsana naye ndi John Gibson Lockhart, mkamwini wake, amene analemba mbiri ya apongozi akewo mu 1837 ndi 1838. Kodi ndi liti pamene mkamwini anaimirira pabwalo n'kunena kuti apongozi ndiwo anatha chimanga m'nkhokwe? Mlandu anausenzetsa James ndi mng'ono wake John, nawajambula ngati anthu osasamala ndi omwaza chuma. Onse awiri anali m'manda: John anamwalira mu 1821, James mu 1833. Mwana wa James ndi osunga chuma cha malemuyo atayankha ndi mawerengero mu 1838, Lockhart anabweza mu 1839 ndi kabuku ka chipongwe, ngati kuti ana amasiye alibe ufulu woyeretsa dzina la atate awo.

Sitikunena kuti James anali wopanda banga. Mabuku a ndalama sanali kuwayang'anira bwino. Koma ndalamazo zinapita kuti? Scott anagula malo a Abbotsford mu 1811, nawonjezera minda pa minda, namanga chinyumba chonga cha mfumu, nachereza alendo osaleka, nthawi zina ndi ndalama za mabuku amene anali asanawalembe. Kuyambira 1816 mpaka 1822 kampani yonse inali yake, James ali wolembedwa ntchito chabe. Ndipo mu 1825, chaka chimodzi chigumula chisanafike, Abbotsford anailembera mwana wake pa ukwati, kotero kuti eni ngongole sanathe kuigulitsa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma Lockhart anafuna kuti nkhonya zonse zigwere mitu ing'onoing'ono.

Chotipweteka n'chakuti buku lake n'lokoma kuwerenga, ndipo n'chifukwa chake linakhulupiriridwa. Likuwerengedwabe ngati imodzi mwa mbiri zabwino za m'Chingerezi, pamene yankho la ana amasiye aja, lodzala ndi manambala, amalitsegula ndi akatswiri owerengeka okha.