Chifukwa Chosungira Matchalitchi Akale

M'midzi yambiri ya ku England muli matchalitchi amiyala amene adamangidwa zaka zoposa 500 zapitazo. Ena mwa iwo madenga ake amadontha, ndipo kuŵakonza kumadya ndalama zambiri. Motero anthu ena amati ndi bwino kuchotsa zakalezo ndi kuikapo zatsopano. Maganizo otereŵa ndi olakwika. Tchalitchi chakale chiyenera kukonzedwa mosamala, pakuti chimaphunzitsa m'mene makolo a anthu a dzikolo ankakhalira.

Kamangidwe kake kali ndi tanthauzo. Guwa limakhala kum'maŵa, m'chipinda chaching'ono cha ansembe. Anthu a m'mudzi ankasonkhana m'chipinda chachikulu, ndipo pakati pa zipinda ziŵirizi pankakhala mpanda wa matabwa osemedwa mwaluso. Udindo wosamala nyumbayi unkagaŵidwa: wansembe ankakonza chipinda cha guwa, eni mudzi ankakonza chachikulucho. Kumadzulo kaŵirikaŵiri kumakhala nsanja ya mabelu, amene ankaitanira anthu ku mapemphero ndi kulengeza maliro. Khomo lalikulu limakhala kumwera ndipo lili ndi khonde. Pakhondepo m'pamene mwambo wa ukwati unkayambira. Munthu akangoloŵa amapeza beseni lamwala lobatiziramo ana. Lidaikidwa pafupi ndi khomo chifukwa ubatizo ndiwo khomo loloŵera mu mpingo.

Makoma ndi mazenera amaulula zaka za nyumbayo. M'zaka za m'ma 1100 amisiri ankamanga makoma ochindikala, timazenera tating'ono ndi makomo ozungulira pamwamba. Cha m'ma 1200 adayamba kumanga makomo ndi mazenera osongoka pamwamba. Pambuyo pake mazenera adakula kwambiri, ndipo adaikamo magalasi a mitundumitundu. Munthu wodekha angathe kuŵerenga zonsezi pakhoma limodzi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku amenewo anthu ambiri sankadziŵa kuŵerenga, choncho ankaphunzira poona zithunzi. M'tchalitchi cha m'mudzi wa Wenhaston, m'chigaŵo cha Suffolk, mmisiri wina adajambula chithunzi cha Chiweruzo Chomaliza pa matabwa cha m'ma 1500. Pachithunzipo pali mngelo akuyesa mizimu pa sikelo, Petro Woyera akulandira olungama, ndi ochimwa akukokedwera m'kamwa mwa chilombo chonga nsomba. Patangopita zaka zoŵerengeka, kapembedzedwe kadasintha m'dzikomo, ndipo chithunzicho adachipaka njereza. Mibadwo yotsatira idachiiŵala.

M'chaka cha 1892 anthu okonza tchalitchicho adazula matabwawo nakaŵaunjika panja ngati zinyalala. Usiku kudagwa mvula imene idatsuka njereza ija, ndipo nkhope zojambulidwa zidayamba kuoneka. Matabwawo adabwezedwa m'kati, ndipo ali momwemo kufikira lero. Mvula ija ikadapanda kugwa, chuma chimenechi chikadatayika popanda wodziŵa.

Nkhani imeneyi ikusonyeza kuopsa kwa phuma. N'zoona kuti denga lodontha liyenera kutsekedwa, ndiponso khoma lofuna kugwa liyenera kuchirikizidwa. Koma mmisiri wanzeru amachotsa mwala wophwanyika wokhawo, nasiya inzake m'malo mwake. Ganizo limeneli ndilo lidachititsa William Morris ndi anzake kukhazikitsa bungwe loteteza nyumba zakale m'chaka cha 1877. Iwo adaona kuti okonza ambiri ankapala makoma ndi kutaya zinthu zimene sizingapangidwenso.

Nyumba yatsopano ingathe kumangidwa chaka chilichonse, koma ntchito ya mmisiri amene adamwalira zaka 500 zapitazo ikaonongeka palibe angaibweze. Mudzi umene uli ndi nyumba yotere udangosungizidwa, monga m'mene banja limasungira munda wa makolo kuti ana adzaupeze. Mwana wa sukulu aphunzirepo ichi: chinthu chakale asachitaye asanafunse akuluakulu za mbiri yake.

Mafunso

1. Kodi beseni lobatiziramo lidaikidwiranji pafupi ndi khomo?
2. Mazenera a m'ma 1100 adasiyana bwanji ndi a m'ma 1200?
3. Fotokozani m'mene chithunzi cha ku Wenhaston chidapezekera.
4. Tchulani chinthu chakale cha kwanu chimene chiyenera kusungidwa, ndipo perekani chifukwa chake.