Nthano za ku Scotland zili pa intaneti, ndi mawu a eni ake

M'chaka cha 1949, pa chilumba cha Benbecula kumadzulo kwa Scotland, mlimi wina dzina lake Angus MacMillan anayamba kusimba nthano imodzi m'chinenero cha Gaelic. Inamutengera maola 9 kuti aimalize. Amene ankamumvetsera anali Calum Maclean wa ku chilumba cha Raasay, yemwe panthawiyo ankatolera nthano m'dzina la bungwe la Irish Folklore Commission. Itaikidwa papepala, nthanoyo inakwana mawu pafupifupi 58,000, onsewo osungidwa m'mutu mwa munthu mmodzi.

Chimandiwawa n'chakuti masiku amenewo mawu ankajambulidwa pa phula, ndipo kawirikawiri wotolera akamaliza kulemba, phulalo ankalipala kuti ajambulirepo zina. Nkhani inkapulumuka, koma liwu la mwini wake linkapita. Zinthu zinasintha mu 1951, pamene yunivesite ya Edinburgh inatsegula School of Scottish Studies, ndipo otolera ngati Maclean ndi Hamish Henderson anayamba kuyenda ndi makina a tepi m'midzi ndi m'zilumba.

Matepi amenewo ndiwo tsopano aliyense angawamve kwaulere pa Tobar an Dualchais, nkhokwe ya pa intaneti yomwe imatchedwanso Kist o Riches. Inasonkhanitsa zojambula za sukulu ija, za BBC, ndi zimene John Lorne Campbell anatolera kuyambira m'ma 1930 n'kusunga pa chilumba cha Canna. Muli nthano, nyimbo, zikhulupiriro, mbiri za mayina a malo, m'chinenero cha Gaelic, cha Scots ndi Chingerezi. Chilichonse chili ndi dzina la wolankhula, kwawo, chaka, ndi dzina la amene anamujambula, komanso mawu ochepa ofotokoza zimene mukumva.

Ine ndimati amene akufuna kuphunzira chikhalidwe cha anthu amenewa ayambire kumvetsera, mabuku abwere pambuyo. Mabuku alipo, ndipo ndi olemekezeka: John Francis Campbell anasindikiza nthano za kumapiri a kumadzulo pakati pa 1860 ndi 1862, Alexander Carmichael anatulutsa Carmina Gadelica mu 1900. Koma cholemba chimasalaza. Akatswiri akhala akukangana kwa zaka zambiri za mmene Carmichael anakonzera ndi kukometsa zimene anamva. Tepi siikometsa kanthu. Mumamva gogo akutsokomola, akuiwala dzina n'kulikumbukira, wotchi ikugunda pakhoma, wina m'nyumbamo akuseka asanafike n'komwe poseketsa chifukwa nthanoyo akuidziwa kale.

Mvetserani nyimbo zimene amayi a ku zilumba za Hebrides ankaimba pofewetsa nsalu yaubweya. Ankakhala mozungulira thabwa lalitali, nsalu itanyowetsedwa m'mkodzo wogona, n'kumaimenya pathabwalo ndi manja uku akuipatsirana motsata mmene dzuwa limayendera. Mmodzi ankatsogolera, ena n'kumavomereza, ndipo kubwereza nyimbo imodzi pa ntchito yomweyo ankati n'tsoka. Kugunda kwa nsaluyo kumakufika pachifuwa ngati misi iwiri ikusinthana pamtondo. Werengani mawu a nyimbozo m'buku, simungadziwe kuti inali ntchito yotulutsa thukuta.

Chinanso chimene nkhokwe imeneyi imaulula n'choti chuma chachikulu chinali m'manja mwa anthu onyozeka. Mu 1953 Henderson anagogoda pakhomo pa Jeannie Robertson mumzinda wa Aberdeen. Mayiyu anali wa mtundu wa anthu oyendayenda, amene ankagona m'mahema, kugulitsa ziwiya ndi kutola zipatso m'minda ya ena, ndipo ambiri sankawawerengera. Anapezeka kuti ndi mmodzi mwa oimba nyimbo zakale opambana m'dziko lonselo. Duncan Williamson, wa mtundu womwewo, anasiya nthano zambirimbiri, kuphatikizapo za nyama za m'nyanja zotchedwa selkie, zimene amati zimavula chikopa n'kusanduka anthu. Nawo a Gaelic anaona zowawa: lamulo la maphunziro la 1872 silinatchule n'komwe chinenero chawo, ndipo ana ambiri ankalangidwa akachilankhula kusukulu. Pofika kalembera wa 2011, ochilankhula anali pafupifupi 57,000 okha.

Ife nkhaniyi siyachilendo kwenikweni. Agogo ake aamuna a David Livingstone anachokera ku chilumba cha Ulva, kumene kunkalankhulidwa Gaelic, asanasamukire ku Blantyre wa ku Scotland. Livingstone mwiniwake analemba kuti nthano za agogo akewo zinkafanana kwambiri ndi zimene anadzamva pamoto madzulo kuno ku Africa. Liwu la agogo amenewo palibe anali ndi makina olisungira.

Nkhokwe ya pa intaneti siyingalowe m'malo mwa nyumba imene anthu ankasonkhana usiku kumva nthano, imene eni ake amaitcha taigh-cèilidh. Munthu umamvetsera wekha, ndipo wosimbayo sungamufunse kanthu. Komabe mdzukulu wa ku Glasgow kapena ku Canada lero amalemba dzina la mudzi wa makolo ake n'kumva agogo ake akuimba. Mukakhala ndi data yokwanira sabata ino, tsegulani Tobar an Dualchais, lembani dzina la Jeannie Robertson, ndipo mumvetsere nyimbo imodzi mpaka kumapeto osaidumpha.