Dzina la Galimoto Silinyamula Feteleza

Alimi anzanga, ndalama za fodya zikangotuluka ambiri timathamangira kukagula pikapu yakale ya 4x4. Wogulitsa amangoti, "Iyi ndi Toyota bwana, siifa." Zoonadi, Hilux ndi Land Cruiser zinatchuka chifukwa chopirira misewu yoipa, monganso Land Rover imene inayamba kupangidwa mu 1948. Koma mbiri ya kampani siithira oyilo mu difu ya galimoto imene mukugulayo.

Ine ndikuti khulupirirani khutu lanu. Musanapereke ndalama, iyendetseni wailesi itazimitsidwa. Ikamalira ngati mluzu chakumbuyo, kulirako n'kumasintha mukaponda moto kapena kuusiya, kawirikawiri ndiye kuti difu yadyeka. Ikamagunda pansi ponyamuka, kayikirani mfundo za propshaft zimene zakhala nthawi yaitali osalawa girisi. Ikamati "ta-ta-ta" pokhota mutalowetsa 4x4, mfundo za ku matayala akutsogolo zatha.

Matenda amenewa timawayambitsa ndife eni ake. Mapikapu ambiri 4x4 yake ndi ya m'matope ndi mumchenga basi. Mukayenda nayo pa phula louma, zitsulo zimakokana mpaka kudyeka. Tikawoloka mtsinje wodzaza, madzi amatha kulowa mu difu, oyilo n'kuyera ngati mkaka, ife osayang'anako.

Tsono tengani makaniko wanuwanu akatsegule difu muone oyiloyo. Wogulitsa akakana, bwererani ndi ndalama zanu. Galimoto ikadzafa mu Januwale, chimanga chikudikira feteleza wobereketsa, dzina silidzakutulutsani m'matope. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.