NAMONDWE SABWERA NGATI MBALA

Abale ndi alongo a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, mphepo ikasasula denga kapena madzi akakokolola chimanga, ena pakati pathu amathamangira kuloza chala agogo a m'mudzi. Ife tikuti ayi. Namondwe ali ndi kwawo kumene amabadwira, ndipo ulendo wake umadziwika.

Amabadwira panyanja yamchere ya India, nthawi ya dzinja. Dzuwa likatenthetsa madzi kufika madigiri 26 kapena kuposa, nthunzi imakwera kumwamba monga imachitira pa mphika wa nsima. Kumwambako imazizira nkusanduka mitambo. Mpweya wina umathamangira pamalo pamene pachoka nthunziyo, ndipo zonse zimayamba kuzungulira ngati kamvuluvulu wamkulu.

Tsono namondwe amayenda masiku. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, nadzalowa ku Quelimane pa 11 Malichi. Chido anagunda chilumba cha Mayotte pa 14 Disembala 2024, mawa lake analowa kufupi ndi Pemba, kenaka anadutsa kuno ku Niassa kupita ku Malawi. A zanyengo a INAM amamuona ali kutali ndipo amalengeza pa wailesi. Nanga mbala imalengeza kuti ikubwera mawa?

Ena amati, "Ife tili kutali ndi nyanja, za namondwe nza anthu a ku Pemba." Nzoona kuti akafika pamtunda mphepo yake imachepa mphamvu. Koma madzi amene wasenza amadzakhuthula pa mapiri athu. Kuno chimene chimatipweteka kwambiri ndi madziwo: mitsinje kusefukira, nthaka kukokoloka, zipupa za zidina kugwa.

Choncho tikamva chenjezo tisakhale manja lende. Timange denga ndi luzi lolimba. Tikumbe ngalande kuzungulira nyumba ndi nkhokwe. Mbewu yodzala ndi ufa tiike pamwamba, pouma. Mbuzi tizichotse kudambo. Amene amagona m'mbali mwa Lugenda ndi nyanja ya Amaramba asamukire kumtunda kukadayera. Mwana asaoloke mtsinje wodzaza, ndipo pakakhala ziphaliwali tisabisale pansi pa mtengo.

Ntchito ina imayamba mvula isanagwe. M'munda wotsetsereka mizere ikhale yopingasa, osati yolunjika kumunsi. Mitengo ya m'phiri ndi ya m'mbali mwa mtsinje tiisiye, chifukwa mizu yake ndiyo imagwira nthaka.

Ife a sukulu ya kwacha tili ndi udindo wapadera. Amene wamva chenjezo alembe pa bolodi tsiku ndi dera limene latchulidwa, akauze mfumu ndi oyandikana nawo. Madzi akatayika saoleka. Kuwerenga kwathu kupulumutse nkhokwe zathu.

Tikambirane:
1. Kodi m'mudzi mwathu ndani ali ndi wailesi?
2. Madzi akasefukira, tingathawire pati?
3. Ndi minda iti imene ili ndi mizere yolunjika kumunsi?