Kunena Buku Limene Mtima Ukonda

Ana a ku Embangweni, kumwera kwa Mzimba, alankhula Chitumbuka kwao; Chinyanja ndi Chingerezi azipeza kusukulu. Tsono mphunzitsi akawafunsa buku limene akonda, ambiri ayankha kuti, "Onse ndi abwino." Yankho ili ndi la ulemu ndithu, koma silithandiza konse, pakuti mphunzitsi sadziwa buku loti awapatse mawa.

Wophunzira chinenero cha eni ayenera kudziwa msanga mawu onenera chimene akonda. Mwana wophunzira Chitaliyana amva kuti anthu a ku Italy ati "mi piace", ndiko kuti "lindikondweretsa". Mabuku akachuluka ati "mi piacciono". Kwa iwo buku ndilo lichita ntchito, wowerenga angolandira. Posankha pakati pa mabuku awiri ati "preferisco". Mawu ochepa chabe, koma nawo mwana atha kupempha buku la kumtima kwake.

Chomwechonso mwana wa kwa M'mbelwa anene poyera kuti, "Nthondo lindikondweretsa koposa buku la masamu, chifukwa lisimba za moyo wa kumudzi." Buku limeneli analemba Samuel Ntara, nalisindikiza mu 1933. Lilime la mwanayo lingaphunthwe ponena, koma mphunzitsi adzamva, nadzamfunira lina lotere.