Malonda a Dzina Lobwereka: Zofunika Asanafike ku Lisasadzi

Munthu woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kunka ku Kasungu aona zikwangwani za makampani aakulu pa tinyumba tating'ono: apa ogulitsa mbewu ndi feteleza, apo otumiza ndalama pa lamya, patsogolo omwetsa galimoto mafuta. Malo ambiri otere eni ake si makampaniwo ayi. Mwini wake ndi munthu wa konkuno, amene anapangana ndi kampani kuti agulitse katundu wake, m'dzina lake ndi potsata malamulo ake. Pamene pangano lotere lili lokhwima, Azungu amalitcha franchise. Ife tingati ndi malonda a dzina lobwereka.

Nkhaniyi ikhudza inu aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti ena a inu popuma pa ntchito mumaika ndalama za penshoni m'malonda otere. Tsono nkoyenera kufunsa: kodi kampani yofuna kufika kudera latsopano, monga Lisasadzi m'boma la Kasungu, ichite chiyani kuti wobwereka dzinayo asagwe?

Choyamba, kampani idziwe nyengo ya ndalama. Kudera la fodya ndalama sizibwera mwezi ndi mwezi monga ku Limbe. Zimabwera msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa, kawirikawiri m'mwezi wa Epulo, ndipo pofika Seputembala zayamba kuchepa. Mu Okutobala ndi Novembala mlimi afuna mbewu ndi feteleza. Mu Januwale ndi Febuluwale matumba auma, ndipo sitolo idalira malipiro a mphunzitsi, namwino ndi mlangizi. Kampani yolamula kuti wobwereka dzina apereke ndalama zofanana mwezi uliwonse ili kumkumbira dzenje. Onani otumiza ndalama pa lamya, amene anachuluka chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013: nthawi ya fodya aliyense afuna kutapa, kotero kuti wopanda mpamba wokwanira amabweza anthu dzuwa lisanafike pamutu.

Chachiwiri, maphunziro atsogole, chikwangwani chibwere pambuyo. Anthu a ku Kasungu safunika kuuzidwa zimenezi. M'zaka za m'ma 1970 bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkayamba laphunzitsa mlimi kulima ndi kuwamba fodya lisanampatse munda, kenaka nkumbwereka zipangizo ndi kumtumizira oyang'anira. Bungwelo linatha, koma nzeru yake ikalipo. Ndiyo imene anaitsatanso Ray Kroc ku America: atatsegula nyumba yake yoyamba yodyeramo ya McDonald's ku Des Plaines mu 1955, kampani yake inakhazikitsa sukulu ya obwereka dzina mu 1961. Munthu wosadziwa kulemba mabuku a ndalama, kuwerenga katundu ndi kukana ngongole kwa abale, dzina lalikulu silingampulumutse.

Chachitatu, kampani ifalikire kokha kumene galimoto yake ingafike ndi katundu pa nthawi yake, ngakhale m'dzinja. Feteleza wofika mu Januwale ndi ngongole chabe. Nkwabwino kukhazikitsa nkhokwe pa boma la Kasungu ndi kutsegula masitolo owerengeka m'mbali mwa msewu waukulu, kuwayesa chaka chathunthu, kenaka nkuloza kumidzi. Kuchuluka kwa masitolo si mphamvu ayi. Masitolo a PTC, amene kampani ya Press inawayamba mu 1973, anali m'maboma ambiri a dziko lino, koma ngongole zitakula ndipo katundu atasowa m'mashelefu, anagwa mu 2022.

Chachinayi, malire alembedwe. Kampani yoika anthu ake atatu pa msika umodzi waung'ono ipindulabe, chifukwa katundu wake atuluka ndithu. Koma atatuwo agawana phindu limene silikwanira ngakhale mmodzi.

Boma lili ndi mbali yake, ndiyo misewu, magetsi ndi malamulo oteteza malonda achilungamo. Koma kusaina pangano ndi kwa munthu mwini. Chifukwa chake tikupemphani inu nonse amene muli kuyembekeza penshoni: musanapereke tambala, funsani kuti adzakuphunzitsani ndani ndipo kwa masiku angati; katundu wosagulidwa kapena woonongeka adzakhala wa yani; dera lanu lilekeza pati; ndipo mukafuna kuleka mudzatuluka ndi chiyani. Kachezeni ndi ena amene anabwereka dzina lomwelo, makamaka m'mwezi wa Febuluwale, ndipo pepala la panganolo mukaonetse kwa wodziwa malamulo.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Phindu lolonjezedwa pa pepala si ndalama ayi. Kampani imene ivomera kuyankha mafunso amenewa poyera ndiyo yoyenera kulandiridwa ku Lisasadzi. Imene ikana, ipitirire ndi chikwangwani chake.