Makutu Obisika m'Malokeshoni a Harare: Yankho kwa Ofufuza Chilankhulo

Miyezi ingapo yapitayo wophunzira wina wa digiri yachiwiri adandilembera kalata yopempha malangizo. Iye akufuna kufufuza Chichewa chimene zidzukulu za machona zikulankhula ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara mumzinda wa Harare, ndipo mutuwo ndi wabwino zedi. Koma funso lake silinali la chilankhulo. Adatumiza zithunzi za timakina titatu tojambulira mawu mobisa: kena kooneka ngati cholembera, kena ngati kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta, kena kakang'ono ngati batani la malaya. "Aphunzitsi," adatero, "ndigule kati kuti anthu asadziwe kuti ndikuwajambula?" Ndidamuyankha mwachidule kuti asagule kalikonse. Pano ndikufuna kuyankha mwatsatanetsatane, chifukwa funsoli lili m'mitima ya ophunzira ambiri, ndipo ena mwa aphunzitsi anzanga akalimva amangoyang'ana kumbali.

Mwanayu si woipa mtima, ndipo maganizo ake ali ndi pogwira. William Labov adalongosola vutoli m'buku lake la 1972: wofufuza amafuna kumva momwe anthu amalankhulira pamene palibe wowatchera khutu, koma kuti amve zimenezo ayenera kukhalapo n'kuwatchera khutu. Tonse taziona. Mukangoika makina patebulo, agogo amene amasakaniza Chichewa ndi Chishona mosadodoma amakhala tsonga, nayamba kulankhula Chichewa cha m'Buku Lopatulika, chija cha paguwa tsiku Lamulungu. Tsono wophunzira amati, bwanji osangobisa makinawo? Chimene ambiri amaiwala n'chakuti Labov yemweyo adakana njira yojambula anthu mobisa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali cha ntchito yeniyeniyo: mawu ojambulidwa motero samveka bwino.

Tiyambire pomwepo, tisanafike pa nkhani ya chikumbumtima. Kamakina kobisa kamakhala m'thumba, pansi pa jekete kapena m'chikwama. Chimene kamamva kwambiri ndi nsalu ikukhuzana, mapazi, wailesi ya kwa aneba ndi ma kombi akuimba hutala. Timakina tambiri totere timadzuka tokha tikamva mawu pofuna kusunga batire, ndipo podzukapo timachedwa pang'ono, motero phatikizo loyamba la chiganizo limaduka. Amene adatipanga sankaganiza za zilankhulo zathu. M'Chichewa phatikizo loyambalo ndilo limanyamula kukana. Chotsani "si" pa "sindimupha" muone chimene chatsala. Chotsani "s" yekha pa "samumenya". Kamakina ka mtengo wotsika kamene sikadziwa mneni kapena mperekezi katha kusandutsa wokana kukhala wovomera, popanda munthu aliyense kunama.

Ku Harare vutoli limakula chifukwa zilankhulo ziwiri zikukhala m'kamwa m'modzi. "Kupisa" kwa ife ndi kulowetsa dzanja m'thumba kapena mumphika. M'Chishona ndi kutentha. Mchewa akati "talowa", makamaka wachikulire amene amatchula w wofewa uja wa m'dzina la Malaŵi, ndipo l wake akuyandikira r, khutu la Mshona litha kumva "tarova", ndiye kuti "tamenya". Maso ndi maso palibe amene amasokonezeka, chifukwa manja, nkhope ndi nkhani imene ili pakati zimamasulira zonse. Pa tepi yojambulidwa m'thumba zonsezo kulibe. Pamatsala phokoso ndi munthu amene wapatsidwa ntchito yolemba zomwe akuganiza kuti wamva. Helen Fraser, katswiri wa kamvekedwe ka mawu wa ku Melbourne, wasonyeza kudzera m'kafukufuku wake kuti mukapatsa anthu mawu olembedwa asanamvere tepi yosamveka bwino, iwo amamva ndendende zomwe zalembedwazo, ngakhale zili zolakwika, ndipo akazimva kamodzi n'kovuta kuwachotsa pamenepo. Wophunzira wanga, amene akupita ku Mabvuku ali kale ndi mfundo yoti atsimikize, sadzapulumuka msampha umenewu.

Anthu a ku Zimbabwe safunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi akatswiri a ku Australia. Mu December 2001, ku Montreal, Ari Ben-Menashe adajambula mobisa msonkhano wake ndi Morgan Tsvangirai. Kanemayo anali wosaoneka bwino ndipo mawu ake anali ovuta kumva, koma adakwanira kuti mtsogoleri wa MDC aimbidwe mlandu woukira boma mu February 2002, patatsala masabata ochepa kuti kuchitike chisankho cha pulezidenti. Chilango cha mlanduwo chikadatha kukhala imfa. Mbali yaikulu ya mkangano m'bwalo inali pa mneni mmodzi wa Chingerezi, "eliminate". Kodi ndi kupha, kapena kugonjetsa pa chisankho? Nanga adayamba kuutchula ndani, wojambulidwa kapena wojambula? (Ife tili naye mneni wotere: "kuthana naye". Mphunzitsi amathana ndi mwana wamwano, sing'anga amathana ndi nthenda, chigawenga nachonso chimathana ndi mboni.) Mlandu udayamba mu February 2003, George Bizos akuimira woimbidwa mlandu, ndipo mu October 2004 woweruza Paddington Garwe adapeza kuti Tsvangirai ndi wosalakwa. Munthu wodziwika dziko lonse, wokhala ndi loya wotchuka, adakhala zaka zoposa ziwiri chingwe chili pafupi ndi khosi. Nanga mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika, ndani angamuimire?

Apa ndiye pagona nkhani. Kamakina kobisa kali ndi tanthauzo losiyana malinga ndi malo omwe kalowa, ndipo malokeshoni a Harare akhala akumvedwa mobisa kwa zaka zambiri. Bungwe la akazitape la CIO lidakhazikitsidwa mu 1963 pansi pa Ken Flower, ndipo ufulu utabwera mu 1980 bungwelo lidapitirira, Flower yemweyo akulitsogolera. Mu 2007 Robert Mugabe adasaina lamulo lolola boma kumvera mafoni ndi kuwerenga makalata a anthu. Chilolezo chomvera chidaikidwa m'manja mwa nduna, osati woweruza. Anthu akhala akumangidwa chifukwa cha mawu onyoza mtsogoleri wa dziko amene adalankhula m'kombi kapena pamalo omwera mowa. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, mu gawo 57, amateteza chinsinsi cha kulumikizana kwa anthu, koma mantha a munthu sachoka tsiku limene lamulo lasindikizidwa.

Tikafika kwa anthu amene wophunzirayu akufuna kuwajambula, chilonda n'chozama. Awa ndi ana ndi zidzukulu za amene adachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, ena pansi, ena pa magalimoto a Ulere, kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu. Kwa zaka zonsezi akhala akutchedwa mabwidi ndi manyasarande. Pa nthawi ya zisankho za 2000, malokeshoni atatembenukira ku chipani chotsutsa, Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi obwera opanda mfunda, ngati kuti Phiri ndi Banda si mifunda. Lamulo la unzika la 2001 lidachititsa kuti ambiri obadwira m'dzikomo, amene sadaonepo Dedza kapena Mangochi, apezeke alibe unzika ndipo asavote. Mu May 2005 padabwera Operation Murambatsvina, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya bungwe la United Nations, lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba kapena njira zopezera chakudya. Ogumulidwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Mdzukulu wa mchona abwerera kumudzi uti? Malamulo a 2013 adabwezera unzika kwa ambiri a iwo, koma phunziro lidalowa kale m'mafupa: Chichewa n'cha m'nyumba, cha kumaliro, cha kutchalitchi ndi kumzikiti, ndipo panjira munthu amalankhula Chishona kuti asadziwike.

Ichi ndi chimene wophunzira wanga sadachione. Kubisa Chichewa kumene iye akukuyesa chopinga pa kafukufuku ndi chishango chimene anthuwa adadzipangira. Akamulola kumva Chichewa chawo cha m'nyumba ndiye kuti amutenga ngati mwana wa kwawo. Agogo adzamuyalira mphasa, nadzati "Mwachokera kumudzi, mdzukulu wanga, kuli bwanji?" ndipo adzamasuka chifukwa cha chibale chimenecho. Iye adzagwiritsa ntchito chibalecho ngati nyambo. Kazitape wa boma amalipidwa kuti achite zimenezi. Ife tikufuna kuzichita ulere, n'kuzitcha sayansi.

Tiganizirenso za tsogolo la tepiyo. Anthu akamasuka salankhula za aneni ndi mayina okha ayi. Amatchula amene adawagumulira nyumba, amene adawamenya mu 2008, mwana amene adalumpha malire popanda pasipoti, chipani chimene adavotera. Zonsezi zidzakhala m'kacholembera m'thumba la mlendo amene ayenera kudutsa pa zipata za apolisi ndi pa Nyamapanda. Kakalandidwa, mwini kafukufuku adzabwerera kwawo ndi nkhani yosimba, koma eni mawu adzatsala komweko osadziwa n'komwe kuti mawu awo ali pa desiki ya munthu wina. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Apa mlomo wosiyidwawo ndi wa eni ake, ndipo oupeza ndi iwowo. Za gule wamkulu, amene akuvinidwabe ku Mabvuku, Tafara ndi Mufakose, sindichulutsa mawu. Wolowa ndi kamakina kobisa pamene akuluakulu a kudambwe akulankhula zawo adziwe kuti wabera anthu chinthu chimene adachisunga kwa mibadwo itatu m'dziko la eni.

Chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti ife a ku Malawi ndi amene tingaganize zotere. Jack Mapanje, katswiri wa zilankhulo ngati ife tomwe, adamangidwa mu 1987 natuluka ku Mikuyu mu 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Tikudziwa momwe anthu ankayang'anira kumbuyo asanalankhule. Mu February 2011 mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, adaitana Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi ku Chancellor College. Aphunzitsi adanyanyala ntchito kwa miyezi yambiri, ndipo mfundo yawo inali imodzi: sitingaphunzitse m'chipinda chomwe muli makutu obisika. Adanena zoona. Koma ngati mphunzitsi wa sukulu ya ukachenjede ali ndi ufulu wodziwa amene akumumvera, wosoka nsapato wa ku Mufakose adauchotsedwa liti ufulu womwewo?

Wina adzati pali nthawi zina pamene kujambula mobisa kumapulumutsa anthu. Ndikuvomera. Mtolankhani wojambula wapolisi akulandira chiphuphu, kapena mayi wojambula mwamuna amene akumuopseza, ndi wofooka amene akufuna umboni pamaso pa wamphamvu. Wofufuza wa digiri ndi agogo a ku Tafara, wamphamvu ndani? Wina adzatinso masiku ano aliyense ali ndi foni, ndipo foni iliyonse ndi kamakina kojambulira, tsono chasintha n'chiyani? Chasintha n'chakuti anthu akuchenjera kuposa kale. Adamva mawu a pafoni amene adafala mpaka Kembo Mohadi adatula pansi udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti mu March 2021, iye akunena kuti mawuwo anali opangidwa. Wofufuza mmodzi akagwidwa ndi cholembera chojambula ku Mabvuku, mbiri idzafika ku Mbare dzuwa lisanalowe, ndipo amene adzabwera pambuyo pake adzapeza zitseko zotseka.

Njira ina ilipo, kungoti ndi yochedwa. Lesley Milroy adalowa m'madera a anthu osauka a ku Belfast m'zaka za m'ma 1970, mzindawo uli pa nkhondo ya pachiweniweni ndipo kazitape akapezeka ankaphedwa. Adalowa monga mnzake wa mnzawo, makina ake ali poyera, nabwerabwera mpaka anthu adawazolowera, ndipo buku lake la 1980 tikuliphunzitsabe. Ndidalembera wophunzira uja kuti agule makina aakulu ooneka, okhala ndi maikolofoni yabwino. Ayambire kwa akulu a mpingo wa CCAP Harare Synod, kwa mashehe ndi kwa atsogoleri a mabungwe othandizana pamaliro. Afotokoze cholinga chake m'Chichewa ndi m'Chishona, alole munthu aliyense kuzimitsa makinawo pamene wafuna, afufute mayina ndi nkhani zandale asananyamuke ku Harare, ndipo asiye kope la mawuwo kwa eni ake. Masabata oyamba adzajambula Chichewa cha paguwa. Asachitaye, chifukwa nachonso chikutiuza chimene anthuwa amayesa Chichewa chenicheni. Ndamuuzanso kuti fomu yake yopempha chilolezo cha kafukufuku ili pa desiki yanga, ndipo ndidzaisaina akachotsa ndime ya kacholembera.